Kudikira Satifiketi ya Nkhuku Yanga

Lolemba, 3 Malichi

Ndapitanso ku ofesi yolembetsa zizindikiro za malonda. Ulendo wachisanu ndi chimodzi. Benchi yomwe ija yogwedera, fani yakufa kudenga, mzere mpaka pa masitepe. Miyezi isanu ndi itatu chiperekere mafomu.

Mayi a pawindo andizindikira ndisanatulutse n'komwe pepala. "Amayi a nkhuku aja," atero. Aseka, inenso ndaseka, koma mtima uli m'mwamba. Fayilo yanga ikadali kwa wounika. Akamaliza iyeyo, chizindikiro achilengeza m'buku lawo lotuluka mwezi ndi mwezi. Chikatuluka, miyezi iwiri yodikira ngati pali wotsutsa. Popanda wotsutsa, miyezi ina itatu kapena inayi, ndiye satifiketi. Ndafunsa kuti nanga wina akatsutsa? Ati, "Pamenepo musawerengenso miyezi, mayi. Werengani zaka."

Ine poyamba ndinkayesa ndi nkhani ya masabata awiri, ngati kadi ya kubanki.

Zaka zisanu ndi ziwiri ndikuphika mafuta odzola ana kuseri kwa nyumba ino. Dzina, Fungatira. Chithunzi, nkhuku ndi anapiye atatu akusuzumira kunsi kwa phiko. Anajambula ndi bambo, pa katoni ya sopo, asanafe ziwalo. Moyo wawo wonse kulemba zikwangwani za masitolo a eni, chokhachi ndiye anajambulira mwana wawo. Koma mpaka lero, pa pepala la boma, nkhukuyo ilibe mwini.

Lachitatu, 5 Malichi

Mayi a golosale ya pafupi ndi depoti abwera m'mawa, botolo m'manja, nkhope yosaseka. "Mwasintha mafuta? Makasitomala akudandaulatu."

Botolo ngati langa. Sitika yanga ndendende: nkhuku, anapiye, nambala yanga ya foni, ngakhale nambala ya nyumba ino. Kutsegula, fungo la parafini. Amadzimadzi, achikasu. Anga ndi olimba, phula la njuchi ndi mafuta a mpendadzuwa, basi. Ndadzola pang'ono kuseri kwa dzanja. Mphindi khumi zisanathe payamba kuyabwa, pafiira.

Ati anagula katoni kwa munthu wa njinga yamoto, chisoti sanavule, amati watumidwa ndi ine. Ine ndilibe wa njinga yamoto. Katundu ndimaperekeza ndekha chichokereni achimwene pa ntchito chaka chatha.

Makatoni angati ali kunjaku? Pa matupi a ana angati?

Sindinadye.

Lachinayi, 6 Malichi

Kupolisi. Wapolisi waulemu ndithu, wandipatsa mpando. Wanunkhiza botolo, wakwinya mphuno. Kenako: "Satifiketi yosonyeza kuti chizindikirochi ndi chanu muli nayo?" Ndapereka pepala la ku ofesi lija. Waliwerenga kawiri. "Apa pakungonena kuti munapempha, mayi. Kupempha aliyense amapempha." Walemba m'buku, wati afufuza. Momwe watsekera bukulo ndadziwiratu.

Loya wa kutchalitchi kwathu, pa foni: mlandu ungatheke ngakhale popanda satifiketi, koma ndi wautali, ndipo ndiyambe ndamupeza munthuyo. Ndimupeze kuti? Tauni yonseyi ndi njinga zamoto zokhazokha.

Amuna anga akuti tingosintha sitika, tiike chithunzi china. Kunena n'kosavuta. Amayi ambiri ogula sawerenga dzina. Amangoti, ndipatseni a nkhuku.

Lolemba, 10 Malichi



Cha m'ma teni, kugogoda geti ndi mwala. Mayi wachitsikana, wopanda nsapato, mwana kumbuyo akulira mawu atatha. Wamumasula pamaso panga. Miyezi isanu. Khosi, m'khwapa, m'mphechepeche, khungu losupuka, matuza ena ataphulika kale. Botolo waponya pa mapazi anga. Nkhuku yanga ili pomwepo, ikundiyang'ana.

"Nambala ya nyumba ndi ino kapena ayi? Mwandiphera mwana inu!"

Anthu kudzaza msewu. Wina akujambula pa foni. Ndimafuna kunena kuti si anga. Koma akanamva ndani? Ndangoti tiyeni kuchipatala. Takwera takisi. Njira yonse sanandiyang'ane. Pa geti la chipatala walankhula motsitsa mawu, ndipo zimenezi zikundiopsa kuposa kukuwa kuja: "Akapanda kutuluka muno wamoyo, inu ndi ine tidzaonana."

Amugoneka. Zilonda zayamba mafinya, thupi moto.

Ambuye, mwana wa eni ameneyu.

Lachiwiri, 11 Malichi

A zaumoyo atatu, galimoto yoyera. Atenga mabotolo khumi a pashelefu, ndowa ya phula, ndi botolo lachinyengo lija. Chipinda chophikira atseka ndi loko wawo, amata pepala pachitseko. Mpaka zotsatira za ku labotale zitatuluka. Liti? "Tikudziwitsani." Mawu amenewa ndawamva mokwanira chaka chino.

Amayi atatu ogwira nawo ntchito ndawauza akhale kaye kwawo. Wamkulu wa iwo, wosakaniza mafuta, wavula epuloni, waipinda bwinobwino, waisiya pa mpando. Bola akanandikalipira.

Kanema uja wazungulira m'mafoni. Mwana wanga wabwera kusukulu maso ali psuu. Anzake akumutcha mwana wa mayi wa poizoni. Aneba a kumanzere, omwe amabwereka mchere tsiku lililonse, lero moni wa pamwamba pa mpanda, wachangu.

Lachinayi, 13 Malichi

Kuchipatala, ndi matewera ndi sopo. Mayi uja walandira osathokoza, ndipo sindimayembekezera. Mwana thupi likadali lotentha. Amukulunga nsalu zoyera mpaka m'khosi, kankhope kokha kakuoneka. Nesi akuti tione masiku atatu akubwerawa.

Kuchoka uko, ku ofesi ija, ngakhale silinali tsiku lake. Ndapempha: kodi palibe njira yofulumizitsa? Pali mwana m'chipatala. Mayi a pawindo avula magalasi. Ati mafayilo amayenda motsatira tsiku lomwe analowa, ounika alipo awiri okha, patsogolo panga pali mafayilo ena makumi anayi. "Ndikanakhala ine, ndikanakudindirani lero lomwe." Ndawakhulupirira. Sizinandithandize.

Pa benchi bambo wina wopanga matumba a sukulu wandiuza kuti iye ali pa mwezi wa khumi ndi chinayi. Wanena moseka. Mano anayi okha. Ndati mwina analowa muno ali nawo onse.

Ofesi, labotale, chipatala. Foni ikalira sindidziwa ndiope iti.

Lolemba, 17 Malichi

Ganizo landibwerera ndikuchapa. Ndaika sitika yanga pambali pa yachinyengo ija, padzuwa. Si yokopera. Pepala lomwelo, inki yomweyo, kunyezimira komweko. Makina amodzi.

Ndasiya zovala m'beseni, ulendo kwa wosindikiza wanga. Poyamba kukana, kuloza kumwamba, kutchula ana ake. Nditamuonetsa chithunzi cha khosi la mwana uja wakhala pansi, pa mulu wa mapepala. "Achimwene anu. Anabwera mu Januwale, anati mwawatuma, inu mwatanganidwa. Masitika zikwi zisanu. Ine ndimakudziwani ngati anthu amodzi, ndikanakana bwanji?"

Zikwi zisanu.

Achimwene anga enieni, bere limodzi. Omwe ankandibereka popita kusukulu msewu ukadzaza madzi. Ndinawachotsa pa ntchito yoperekeza katundu chifukwa cha mowa, galimoto atailowetsa mu ngalande kawiri. Anachoka akunena kuti ndidzawafuna.

Ndasanza kuseri kwa shopu ya wosindikiza.

Lachiwiri, 18 Malichi

Kwa achimwene. Bambo amakhala komweko. Owasamala ndi alamu, akazi a achimwenewo: kuwasambitsa, kuwatembenuza, kuwadyetsa ndi supuni, zaka zitatu tsopano. Ndawapeza bambo pakhonde, pa mpando wawo wamatayala. Andigwira chala ndi dzanja lamoyo lija, osafuna kusiya. Sakudziwa kalikonse.

Kuseri, m'galaja, migolo iwiri ya buluu, fanelo, mabotolo mbwee pansi. Sanabise n'komwe.

Achimwene: "Nkhuku ija anajambula bambo anga. Iwe unabadwa wekha?" Ndati pali mwana m'chipatala. Agwetsa maso pansi. Ndinayesa afewa. Kenako: "Ana amadwala tsiku lililonse." Ndati ndikanena. Ati, "Kanene. Ndipo ikadzangotuluka m'buku la ku ofesi kuja, ine ndikatsutsa. Ndafunsa kale, njira yake ndikuidziwa. Satifiketi udzalandira ukuyendera ndodo."

Alamu anaima pakhomo la khitchini, mbale m'manja, tsaya limodzi lotupa. Ati ndi dzino. Chaka chatha linalinso dzino.

Lachitatu, 19 Malichi

Ndanena. Ku zaumoyo kaye, kenako kupolisi. Dzina lawo, msewu, galaja. Wapolisi uja wayang'ana dzina lawo la makolo, wayang'ana langa, wandiyang'ana ine. Sanafunse.

Masana awatenga, ndi migolo yomwe.

Azakhali pa foni: "Wamangitsa mlongo wako chifukwa cha chithunzi cha nkhuku? Sukanabwera kwa ine tikambirane?" Ndati azakhali, pitani ku wodi ya ana mukaone kaye, tidzakambirana pambuyo. Adula.

Amuna anga agula loko wachiwiri wa pa geti. Sananene chifukwa chake, inenso sindinafunse.

Lolemba, 24 Malichi

Mwana watuluka! Zipsera pakhosi, koma akuyamwa, akumenya timiyendo. Mayi ake anamva zonse kwa apolisi. Pa geti la chipatala wandipatsa mwanayo ndimunyamule pomwe iye amamanga katundu. Pepani sananene, ndipo pepaniyo ine sindimamufunanso. Kulemera kwa kamwanako pachifuwa panga kwandikwanira. M'basi ndalira mpaka kondakitala wandilumpha potolera ndalama.

Achimwene anatuluka pa belo Lachisanu. Dzulo masana galimoto yawo inaima kutsogolo kwa geti lathu, injini ikulira, theka la ola. Sanatsike. Ine kuseri kwa katani, ana ndawatsekera kuchipinda.

Lachisanu, 4 Epulo

Zinthu ziwiri tsiku limodzi.

Labotale: mafuta anga alibe vuto. Achotsa loko wawo. M'chipinda fungo la phula lokhalitsa, akangaude m'mapoto. Ndatsegula mawindo onse.

Ofesi: chizindikiro chatuluka m'buku lawo lija. Mayi a pawindo anditsegulira okha tsamba lake. Pakona, pansi, pakati pa chizindikiro cha matayala ndi cha mankhwala otsukira mano. Kankhuku kanga kakang'ono ngati chikhadabo. Ndakapsompsona, mlonda akuona.

Miyezi iwiri kuyambira lero. Tsiku lomaliza, 4 Juni. Windo limatseka hafu pasiti folo. Mpaka nthawi imeneyo aliyense akhoza kukwera masitepe aja ndi envelopu.

Aliyense, amatero. Ine ndikudziwa ndani.

Lachiwiri, 22 Epulo

Tayambanso kuphika, theka la kale. Masitolo anayi abweza katundu, anthu akuiopa nkhuku. Mayi a golosale atenga katoni imodzi, ati aika kunsi kwa kauntala, azipatsa okhawo ofunsa. Sitolo yaikulu ya m'tauni, imene inkafuna kuyamba kutenga kwa ife, ikuti tidzabwere ndi satifiketi.

Wosindikiza ndasintha. Zitsekero tsopano zobiriwira, kuti anthu azisiyanitsa.

Loya akuti achimwene akatsutsa mwina sangapambane. Koma kupambana sindiko akufuna. Zaka ziwiri za makalata ndi kuyankhana, ine wopanda pepala, aliyense wofuna akumata nkhuku yanga pa chilichonse.

Mabotolo awo ena akadali m'misika. Apolisi anapeza osakwana theka. Mayi aliyense wobereka mwana akamadutsa pa geti, ndimaima, supuni yotakasira m'manja, mpaka atapitirira.

Bambo sindinawaonenso. Achimwene anatumiza mawu kuti ndikaponda pakhomo pawo andithyola miyendo. Alamu amandilembera akatsala okha: bambo adya, agona, lero amangoyang'ana kugeti. Kenako mauthengawo amafufuta pa foni yawo.

Lachinayi, 15 Meyi

Kuimba ku ofesi Lolemba lililonse, Lachinayi lililonse. "Palibe chalowa, amayi a nkhuku." Ndimapuma mpaka madzulo, mawa lake ziyambirenso. Loya akuti wotsutsa wa nkhanza amadikira tsiku lomaliza.

Mlandu wa achimwene aukankhira ku Ogasiti.

Mnzawo wina womwa nawo mowa wauza amuna anga kuti mafomu otsutsa analemba kale, anawathandiza munthu wodziwa za malamulo. Ali mu envelopu, pamwamba pa kabati.

Masiketi onse andikulira. Tsitsi likutsalira m'chipeso. Mayi wosakaniza uja akuti, "Bwana, mukatifera ndi mantha, satifiketiyo tidzaimata pa bokosi?" Taseka mpaka misozi. Anzanga atasiya, yanga imangotulukabe.

Lachiwiri, 3 Juni

Mawa.

Amuna anga akuti kupitako n'kopanda phindu, sungaletse munthu kulowa mu ofesi ya boma. Ndikudziwa. Ndipitabe. Ngati akundibaya, ndione ndi maso anga.

Ndasita diresi. Ndalipsereza pa kolala.

Lachitatu, 4 Juni

Ndilembe zonse ndisanaiwale.

Pa benchi kuyambira eyiti koloko. Nsapato iliyonse pa masitepe, mtima phaa. Ya chidendene chachitali, si iwo. Ya mlonda, si iwo. Nthawi ya nkhomaliro windo atseka, anthu atuluka, ine osasuntha. Mayi a pawindo andibweretsera madzi m'kapu yawo. Thuu koloko. Fili koloko. Ndayamba kuganiza kuti mwina anangondiopseza.

Itangodutsa fili, masilipasi pa masitepe, pang'onopang'ono. Si achimwene. Alamu. Envelopu ya khaki ataikumbatira pachifuwa.

Andiona, aima. Ndinayesa abwerera. Abwera, akhala pambali panga, benchi yagwedera. Mwaswera bwanji alamu. Ndaswera, kaya inu. Bambo? Awasiya ndi aneba. Kenako, maso kukhoma: "Achimwene anu akuti sangabwere, mlandu uli kukhoti, nkhope yawo isaoneke kuno. Andituma ine. Ati ndibwerere ndi pepala lodinda."

Sindinawapemphe kanthu. Osati chifukwa cha kulimba mtima. Pakamwa panakana.

Pa mzere anthu atatu. Kenako awiri. Kenako palibe. Mayi a pawindo: "Wotsatira!" Ayang'ana ife. Alamu osadzuka. Envelopu pa maondo, manja onse awiri pamwamba pake. Khungu la m'manja mwawo losupukasupuka, ndinali ndisanaonepo.

"Mabotolo aja ndinkatsuka ndine," atero. "Masitika ndinkamata ndine. Mwana uja ndinamuona pa foni."

Basi.

Wotchi ya pakhoma ndaiyang'ana mpaka maso kuwawa. Kota pasiti folo. Twente pasiti. Munthu wina walowa mothamanga, ndatsala pang'ono kukomoka, koma amafuna chimbudzi. Alamu akupuma ngati akwera phiri. Nthawi ina anasuntha phazi, ine ndinatseka maso.

"Wotsatira alipo?"

Zii.

Chitsulo cha pawindo chatsika. Phokoso lake ndidzafa nalo.

Mayi a pawindo atuluka ndi chikwama chawo, ayang'ana envelopu, ayang'ana alamu, ayang'ana ine. "Palibe chalowa. Miyezi itatu, mwina inayi, tikuitanani." Ndinkayesa tsiku limeneli ndidzalumpha. Ndangokhalabe pa benchi.

Pa masitepe ndafunsa, alamu, mukawauza chiyani? Ati basi inafera panjira. Ndati sakakhulupirira. Ati akudziwa. Ndati tiyeni kwathu, lero lokha, malo alipo. Andiyang'ana ngati ndanena zachibwana. "Nanga bambo akawatembenuza ndani?"

Envelopu aipinda pakati, aika m'chikwama. Pa depoti ndawagwira mkono, achotsa dzanja langa mwaulemu. Ati akafika andilembera.

Kunyumba amayi aja amva kale, avina pabwalo ndi maepuloni, amuna anga agula zakumwa. Ine foni m'manja.

Lachinayi, 5 Juni

Uthenga sunabwere. Foni ya alamu yozima chiyambire dzulo.

Ndaimbira aneba awo aja. Ati kunali phokoso, mbale kusweka, kenako chete. Galimoto ya achimwene palibe. Makatani mpaka tsopano sanatsegule, ndipo bambo sanawatulutse pakhonde. Nthawi ino amakhala atawatulutsa kale. Agogoda, palibe woyankha.

Dzulo pa benchi paja ndinangoganiza za nkhuku yanga. Ola lathunthu ndi theka munthu atakhala pambali panga, akudziwa chomwe chikumudikira kwawo, ine maso pa wotchi.

Amuna anga apita kukatenga wapolisi uja. Ati ndidikire pano mpaka abwere.

Ayi. Izi zokha sindidikira.

Ndayala matiresi awiri kuchipinda kwa ana, ena a alamu, ena a bambo. Mayi wosakaniza akupita nane, watenga chitsulo chotsegulira migolo, akuti chitseko chikakana. Takisi yafika, ikuliza pa geti